Immaculata ndi Mwana wa Bwana Wachamba

Immaculata, mwana wa mlongo wanga, ndi wamfupi moti akakwera minibasi kondakitala amamufunsa ngati makolo akudziwa kuti ali paulendo.

Ankalera mwana ku Area 47 kwa a Davison, amene tonse tinkati amagulitsa matayala. Tsiku lina apolisi anafika kudzawamanga, ndipo zinadziwika kuti matayalawo ankayenda odzaza chamba, a Davison ndiwo bwana wa onse ogulitsa ku Old Town. Anthu anati basi chamba chatha mu Lilongwe. Chinatha kuti? Anyamata awo aja aliyense anadzipatsa ubwana, nayamba kutemana polimbirana malo ogulitsira. Utsi unachuluka mpaka nkhuku za mumsika zinkaseka zokha.

Abale a bwanayo anadzasesa nyumba: firiji, makatani, ngakhale unyolo wa galu. Chimene anaiwala ndi Sophia, kamwana ka zaka zitatu, mayi ake anamwalira kalekale. Immaculata anangomubereka, ulendo kwathu.

Vuto linali Frazer, kalipentala amene anali atabwera kale kwa ine kudzafunsira mbeta. Anati sangayambe banja m'nyumba muli mwana wa munthu wachamba, anyamata aja angadzamuswere mawindo. Immaculata sanakangane naye.

“Amalume, mwanayu sanagulitse kanthu,” anatero. “Muwauze a Frazer ayende bwino.”

Kenako anakalirira kuseri kwa bafa, mpaka mtsinje wa Lilongwe unasefukira mu Okutobala.

Loweruka lililonse Immaculata ankapita ndi Sophia kundende kukasiya chakudya, kuti mwana asaiwale nkhope ya bambo ake. Pageti, wobweretsa chakudya amayamba walawa yekha, kuopa poizoni. Tsiku lina ndinawaperekeza. Tili pamzere, ndinangoona dzanja likulanda kontena kwa Immaculata. Anali Frazer, atavala shati ya kutchalitchi, utuchi uli m'tsitsi. Anatsegula pamaso pa msilikali wa ndende, nalawa mpunga, nalawa nyama, nalawanso nyama.

“A Frazer, akuti kulawa, osati kumaliza,” anatero Immaculata, akuyang'ana kumbali kuti mano asaoneke.

Frazer ananyamula Sophia, namukhazika paphewa. Akuyang'ana pansi, anati kuli kabedi kena kanatsalira kushopu, kosowa wogula, mwina mwanayu angagonepo.

Bodza. Ndinakaona ine kabediko: kumutu kwake anagobapo dzina la Sophia, vanishi asanaume n'komwe.

A Davison tsiku limenelo anadya msuzi wokha.