Mifunda iwiri ya aStefano okhoma ndowa

Kwa Kapondo amati aStefano okhoma ndowa aja ali ndi mifunda khumi, ndipo amasintha malinga ndi ndiwo zimene zaphikidwa pakhomo. Bodza limenelo. Ine ndayenda nawo, ndawagwirirapo malata. Mifunda anali nayo iwiri basi, yonse yoona.

Inu amene mumangodziwa dzina la pakhadi la chipani, mfunda ndi dzina la mtundu wako, lija amakuthokozera nalo ukapatsa munthu madzi: "Zikomo Phiri." Anthu a mfunda umodzi ndi pachibale ngakhale akumane lero. Mphasa akuyalira, nkhuku akuphera, koma mkazi ayi, ameneyo ndi mlongo wako.

Mayi a aStefano anali Mchewa, Namwale. Bambo awo anali Mngoni wa kwa mfumu Zulu, Jere. Achewa akale amatsata kwa mayi, Angoni kwa bambo, ndiye mkuluyu mbali zonse zinkamulimbirana, iye n'kumangonenepa.

Mu 1974 anapalasa njinga mpaka ku Kachebere, nyundo ndi malata pakaliyala. Atamva kuti pakhomo pa bambo wina, aMaliko, ndi pa a Mwale, anadumpha njinga isanaime. "Malume!" Anagonapo milungu itatu, nkhuku zikutha. Chovuta chinali aVeronika, mwana wa mlongo wawo wa aMaliko. Mwamuna wa aVeronikawo anatchona ku Joni ukwati n'kutha. AStefano anawakhomera ndowa, kenako bafa, kenako sefa imene sanaipemphe n'komwe.

Tsiku lokafunsira mbeta anatenga ine.

"Mphwanga," anatero aMaliko, "suja unati ndiwe Mwale? Uyutu ndi Namwale. Ukufuna mlongo wako?"

"Pepani malume, kwa bambo ndine Jere."

"Nanga nkhuku zanga zinayi zija anadya ndani?"

"Anadya ndi Mwale."

"Wabwera kudzafunsirayu?"

"Jere, malume."

Ine ndinawerama ngati ndikumanga nsapato, chonsecho kuphazi kunalibe kanthu. Kuseri kwa nkhokwe aVeronika anali atatseka pakamwa ndi chitenje, mapewa akugwedezeka.

AMaliko anafwenkha fodya modekha. "Chabwino aJere. Mchewa amangobwera ndi khasu lake n'kukhala pachikamwini. Mngoni amalowola. Ng'ombe ziwiri. Ndipo zondiitana malume zathera pano."

Ng'ombe imodzi anakalirira kukhola kwa bambo awo. Inayo inachokera pa njinga, yomwe inagulitsidwa pamodzi ndi belu ndi pampu. AVeronika anawatengadi, tinavina ngoma mpaka fumbi kutsamwitsa ana. Zaka ziwiri zotsatira aStefano ankayenda pansi, malata pamutu akulira ngati mvula ikubwera, agalu pambuyo.

Tsiku lina pamsika wa Kapondo mayi wina wogulitsa tomato anawaponyera nkhani ya mifunda khumi ija pamaso.

AStefano sanatule n'komwe katundu. "Khumi? Mayi, iwiri yokha inandidyera njinga. Ikanakhala khumi bwenzi ndikuyenda wopanda kabudula."