Kachipatala ka a Gondwe pa Mkanda

Fungo la sipiriti likandipeza paliponse, maganizo anga amathamangira kwa a Gondwe. Ndimawaona ali pakhonde m'mawa, atavala jekete yoyera yoperepeseka m'khosi, akukupiza mbaula pomwe pankawira kapoto ka zitsulo zawo, utsi wa makala ukusakanikirana ndi fungo la fodya lochokera m'chigafa chathu, wailesi ikulira chapansipansi pawindo, pabenchi patakhala kale amayi awiri kapena atatu ndi ana kumbuyo.

A Gondwe sanali a kwathu. Kwawo kunali ku Rumphi, ndipo anabwera ku Mchinji ndi ntchito ya zachipatala ine ndisanabadwe. Atapuma pa ntchito sanabwerere kumpoto. Anapeza malo moyandikana ndi ife kufupi ndi Mkanda, nasandutsa chipinda chimodzi cha nyumba yawo kukhala kachipatala. Munali bedi limodzi, tebulo, sikelo ya ana yokoleka kudenga, ndi kabati ya mankhwala. Anthu ankawatcha adokotala. Iwo ankakana kuti, "Ine sindinafike pa udokotala, ndinali wothandizira chabe," koma dzinalo linakanirira.

Bambo anga sankapondako. Nthawi ya mavoti oyamba aja anasemphana mawu ndi a Gondwe pa nkhani ya zipani, ndipo kuyambira pamenepo moni wawo unali wokwezerana dzanja patali. Amayi akatchula za kachipatalako, bambo ankati, "Kachipinda kamodzi kangadziwe chiyani?"

Zaka zimenezo alimi a m'midzi anali atangololedwa kumene kulima fodya wa mtundu wa bale, ndipo bambo analowamo ndi mtima wonse. Ine ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri, mwana woyamba, choncho nyengo yothyola itafika ntchito yanga inali kulawirira kumunda ndisanapite kusukulu. Masamba ankakhala onyowa ndi mame kapena mvula, ndipo ndinkawakumbatira pachifuwa kuchoka mumzere kupita nawo kuchigafa, madzi ake akutsikira m'diresi mpaka m'miyendo, manja atada bii ndi phula lomata lija losachoka ndi madzi okha. Ndikatha ndinkangopukuta kumaso, kuvala yunifomu, ulendo wa kusukulu.

Kudwala kunayamba mu Januwale. Dzuwa likafika pamutu, m'kalasi munkayamba kuzungulira. Malovu ankadzaza m'kamwa, thukuta lozizira likutsika kumsana, mtima ukugunda ngati ukufuna kubooleza nthiti, kenako kusanza mpaka m'mimba mutatsala zowawa zokhazokha. Ndinkagona tsiku limodzi kapena awiri n'kudzuka bwinobwino. Ndikabwerera ku ntchito zanga, pasanathe masiku angapo, zayambiranso.

Bambo anandipititsa ku chipatala chachikulu katatu. Tinkayenda pa njinga mpaka pamsewu, n'kukwera matola, ndipo tikafika tinkapeza mzere utatuluka kale pakhomo mpaka pansi pa mitengo. Sindikuwanena anthu a kumeneko. Munthu mmodzi ankaona khamu lonselo, ena atanyamulidwa pa machira. Koma ulendo uliwonse ndinkapeza nkhope yachilendo, ndipo pofika ndinkakhala nditayamba kale kupeza bwino. "Ukumva bwanji? Unatentha thupi? Wotsatira!" Kawiri anandipatsa mankhwala a malungo. Kachitatu ananditenga magazi pachala, tinadikira mpaka masana, ndipo mayi wina wotopa anauza bambo kuti, "Malungo mulibe. Palibe chimene tikuona."

Mawu amenewo ndi amene anabweretsa mantha pakhomo pathu. Amalume, alongo awo a amayi, atamva anagwedeza mutu.

"Ngati makina a kuchipatala sakuona kanthu, ndiye kuti izi ndi za anthu," anatero.

Dzina sanalitchule, koma aliyense anadziwa. Amayi aakulu, a Nambewe, anali akudandaula kuyambira chaka chatha kuti munda umene bambo anadzalamo fodya unali gawo lawo. Anali mayi wamasiye wopanda mwana wamoyo, ndipo ine ndinali ngati wawo. Ndikaweruka kusukulu ndinkayamba kwa iwo, n'kupeza atandisungira mtedza wokazinga m'kambale kophimba. Tsiku limenelo amayi anandikokera kuseri kwa nkhokwe.

"Kwa amayi ako aakulu usakadyenso kanthu. Wamva, Tiya?"

"Chifukwa chiyani?"

"Ndati wamva?"

Ndinayamba kulambalala nyumba yawo. Ankandiitana ali pamtondo, ine n'kumayenda ngati sindikumva, osacheuka. Ndinkawaopa, komanso ndinkawasowa. Ndipo tsiku lililonse dzuwa likayamba kukwera ndinkadzimvetsera m'thupi, kudikira chizungulire, n'kumadzifunsa ngati ulendo uno ndidzukenso.

Amalume anakonza zoti Loweruka andiwolotse malire, kwa sing'anga wina wa ku Zambia amene ankati amaonetsa nkhope ya mfiti m'beseni la madzi. Amalumewo ankanena poyera kuti akabwerako, wina asamuka pamudzi pano.

Lachinayi la sabata imeneyo mvula inagwa mpaka kucha. Masamba anali atapsa, akuyamba kuwonongeka mumunda, ndipo popeza ndinali nditapezako bwino, ndinathyola nawo kuyambira m'mawa mpaka cha m'ma teni. Kusukulu sindinakafike. Ndili panjira yodutsa kumpanda kwa a Gondwe, miyendo inangofooka, ndinagwada m'matope n'kuyamba kusanza.

Anandinyamula ndi a Gondwe eniake. Anandigoneka pabedi lija, nandigwira pamkono maso ali pa wotchi, nandiyang'ana m'maso ndi m'kamwa. Kenako anatembenuza zikhatho zanga n'kuziyang'anitsitsa nthawi yaitali. Anatuma munthu kukaitana makolo anga, nakokera mpando pafupi.

"Tiya, lero wadzuka nthawi yanji? Wagwira ntchito yanji?"

Palibe amene anali atandifunsapo funso limenelo. Ndinawauza. Anafunsanso za ulendo wapitawo umene ndinadwala, ndi wina uja, ngati kunali mvula, ngati ndinasamba, ngati ndinasintha zamkati. Pabenchi panali anthu akudikira, koma iwo sanafulumire. Pamene ndinkaiwala ankandikumbutsa okha.

"Lolemba la sabata yatha unadutsa pano ndi mtolo wa fodya, diresi litamatirira pathupi. Masana ake ndinamva amayi ako akukuwa kuti abweretse beseni. Si choncho?"

Bambo anafika akupuma mwawefuwefu, amayi ali pambuyo, amalume nawonso. Bambo anaima pakhomo, osalowa.

"Lowani, a Phiri," anatero a Gondwe. "Za mavoti tikambirana tsiku lina. Mwanayu akudwala fodya."

"Fodya? Mwana wanga sasuta."

"Sasuta, inde. Koma tsamba likanyowa, ukali wake umasungunukira m'madzimo n'kulowa pakhungu. Inu ndinu wamkulu, thupi linazolowera, mwinanso mumakoka ndudu. Uyu ndi mwana. Akakumbatira masamba onyowa m'mawa wonse n'kukhala ndi zovala zomwezo, zili ngati mwamukakamiza kusuta mpaka aledzere."

Amalume anaseka mwachipongwe. "Chipatala chonse chija, ndi makina ake, chalephera. Inu mwangoona m'manja basi mwadziwa?"

"Makina aja anafunsidwa za malungo, ndipo anayankha zoona," anatero a Gondwe osakweza mawu. "Iwo aja samuona mwanayu akupita kumunda. Ine ndimamuona."

Anauza amayi kuti andisambitse thupi lonse ndi sopo, andiveke zouma, ndipo anandisungunulira madzi a shuga ndi mchere oti ndizimwa pang'onopang'ono. Jakisoni sanandibaye, zomwe zinawakhumudwitsa amayi. Kenako anatembenukira kwa bambo.

"Ndipatseni masabata awiri. Asathyole, asasoke, asalowe m'chigafa. Akadwalanso, ndiye kuti ndalakwitsa, ndipo ndidzapita naye ndekha ku chipatala chachikulu kukalankhula ndi madokotala. Koma Loweruka lino musapite naye kulikonse."

"Akafa m'masabata awiriwo?" anafunsa amalume.

Ndinaona amayi akugwira chitseko. A Gondwe anavula magalasi n'kupukuta m'maso.

"Ndili pompano. Ndizimuona m'mawa ndi madzulo."

Bambo anayang'ana amalume, kenako ine. Pakhomo pa akazi awo, kutsutsana ndi alamu awo sichinali chinthu chapafupi, ndipo kumunda fodya anali akudikira manja. Mapeto ake anati, "Tamva. Masabata awiri."

Sindinaonepo masiku oyenda pang'onopang'ono ngati amenewo. Amalume anasiya kulankhula ndi bambo. Amayi ankandigwira pamphumi kangapo pa tsiku, ndikangokhosomola n'kusiya zonse ali nazo m'manja. Ine ndikakhala m'kalasi ndinkayang'ana mthunzi wa pawindo ukufupika, ndikumeza malovu kuti ndione ngati akuchuluka. Tsiku lina mutu unandiwawa pang'ono, ndipo ndinabisa, kuopa kuti akamva andiwolotsa malire mawa lake, amayi aakulu n'kuthamangitsidwa chifukwa cha ine. Koma madzulo a Gondwe atabwera ndinawanong'oneza. Anandiyeza kutentha, nandifunsa ngati ndinadya masana. Ndinali ndisanadye.

"Imeneyo ndi njala," anatero. "Koma wachita bwino kunena. Usamandibisire, ngakhale kakang'ono."

Masabata awiri anatha. Mvula inagwa, anthu anathyola, ine osadwala. Inatha sabata yachitatu, inatha yachinayi. Tsiku lina m'mawa ndinaona bambo ataima pampanda, akulankhula ndi a Gondwe, chipewa chili m'manja.

Chaka chotsatira mlongo wanga wamng'ono, Yamikani, anatentha thupi n'kufooka, ndipo bambo anathamangira naye kwa a Gondwe osadikira kuuzidwa. Iwo anangomutsegula chikope, naona muli mbuu.

"Uyu si wa pano. Akufunika magazi, ndipo ine ndilibe. Nyamukani pompano."

Analemba kalata yachidule, nabwereka bambo njinga yawo chifukwa yathu inali yophulika tayala. Ku chipatala chachikulu chomwe chija anamuthira magazi tsiku lomwelo, ndipo Yamikani ali moyo mpaka lero. Yamikani atatuluka m'chipatala, a Gondwe anawerenga zonse zimene madokotala analemba, natifotokozera m'Chichewa chawo chopendekera ku Chitumbuka chija, kuti mankhwala awa ndi a chiyani, ndipo tikaona chiyani tibwerenso.

Chimene sanathe kuchiza ndi cha amayi aakulu. Nkhani ya beseni la madzi inali itawafika kale. Amayi ndi bambo anapita kukapepesa, ndipo iwo anawalandira, nawayalira mphasa, nati zatha. Amalume sanapite. Ine nditayambanso kupita kwawo ankandilandira bwino, kundifunsa za kusukulu, kundiluka tsitsi. Koma chakudya sanandipatsenso. Tsiku lina ndinawapeza akukazinga mtedza ndipo ndinatambasula dzanja. Anasuntha chiwaya.

"Ukadye kwa amayi ako, mwana wanga. Ukadzadwala mawa, ine ndilibe wondiyankhulira."

Anamwalira ndili ku sekondale. A Gondwe nawo, maso atayamba kuvuta, ana awo anabwera kudzawatenga kupita nawo ku Rumphi, ndipo m'chipinda chija munalowa wogulitsa feteleza. Ndinali kusukulu tsiku limene ankasamuka, moti sindinatsanzikane nawo.

Lero ndili ndi ana anga awiri, ndipo timakhala m'tauni momwe zipatala zili zazikulu, zoyera, za makina ambiri. Ndimazithokoza, pakuti mwana wanga woyamba anabadwa ndi opaleshoni. Koma mwana akadwala, mantha aja amabwerera, oti tilowa ndi kutuluka wotiona asanadziwe kuti ndife yani. Choncho ndikangokhala pampando sindidikira kufunsidwa. Ndimayamba ndekha kufotokoza kumene mwanayo anasewera dzulo, chimene anagwira, chimene anadya, ndi amene anali naye. Ena amamvetsera. Ena amayang'ana pa wotchi n'kunena kuti, "Mayi, mungoyankha zimene ndafunsa." Ndimapepesa mwaulemu, kenako n'kupitiriza pomwe ndinalekezera.