Telefoni imene azakhali anakwirira kuseri kwa khola

Ndiyambe ndi kupepesa kwa onse odziwa kulemba, chifukwa ine sindinalembepo nkhani. Dzina langa ndine Arlete, ndimaphunzitsa masamu pa shikola ina kuno ku Moatize, ndipo zolemba zanga za kuntchito zimakhala za m'Chipwitikizi. Chinyanja ndinaphunzira kulemba ndili mwana ku Mwanza, kumene tinathawira nkhondo, choncho mukapeza pokhota mundikhululukire. Ndalemba n'kufufuta kangapo. Koma nkhani ya azakhali anga a Georgina yandikhala pamtima, ndipo eni akewo andilola kuti ndiinene.

Azakhali ndi mlongo wawo wa bambo anga. Amakhala ku Zóbuè, kumtunda, pafupi ndi malire, ndipo anthu a kumeneko amawadziwa ndi makina awo osokera. Makinawo ali ndi mbiri yake. Nkhondo itayandikira mudzi wathu, azakhali anamasula mutu wa makina, naupaka mafuta, naukulunga m'masaka ndi m'chikopa cha mbuzi, n'kuukwirira kuseri kwa khola. Tinawoloka malire ndi mitolo ya zovala yokha. Mtendere utabwera tinapeza nyumba zitapsa, ziweto kulibe, ngakhale zitseko anthu anazula. Koma atakumba kuseri kwa khola, makina aja anatuluka. Anawapukuta, nawathira mafuta, ndipo chinthu choyamba kusoka chinali diresi la mwana wawo Noémia, amene anabadwira kothawa nkhondo konko.

Kuyambira pamenepo ankakonda kunena kuti anthu anawabera, moto unawabera, koma dothi silinawaberepo kanthu. Tinkaseka, komanso tinkavomera, chifukwa mabanja ambiri anapeza makasu ndi mapoto awo mwa njira yomweyo.

Noémia ndiye anali mwana yekhayo amene anawatsalira. Anakula wolongolola, woseka mokweza mpaka mayi ake kumutsina m'tchalitchi. Anakwatiwa ndi Valter, woyendetsa galimoto yonyamula malasha ku mgodi wa ku Chipanga, ndipo anadzakhala kuno ku Moatize, kumene ankaphika mpunga ndi nyemba n'kumagulitsa kwa antchito a kumgodi. Valter anamugulira telefoni yofiira, ya mabatani, yotha kujambula mawu. Noémia ankajambula chilichonse. Tsiku lina anandimvetsera mawu amene anajambula akusambitsa mwana wake wakhanda, Élia. Madzi ankamveka kuti khuvu khuvu, mwana akulira, iye akuseka: "Taonani fumbi ili, mayi inu! Mwana wanga wada ngati bambo ake akamaweruka. Tonthola, Élia, agogo ako akusokera kadiresi ka maluwa." Kenako anayamba kumuimbira kanyimbo kopeka yekha, kopanda mutu.

Anadwala m'nyengo ya mvula, matenda a masiku ochepa, ndipo anamwalira Élia asanayambe kulankhula bwino. Tinakamuika ku Zóbuè. Mwana anatsala kwa agogo ake, monga mmene zimakhalira kwathu.

Pa tsiku logawa katundu wa malemu, alongo ake a Valter anafunsa za telefoni. Anati anagula ndi mchimwene wawo, choncho ibwerere kuchimuna. Valter mwini wake anangowerama. Azakhali anayankha pamaso pa akuluakulu kuti sanaione, pamene inali m'chiuno mwawo, yomangidwa pa nsonga ya nsalu. Anandiuza pambuyo pake kuti chimene ankakaniza sichinali telefoniyo, koma mwana wawo amene anali kulankhulabe m'katimo.

Anaimvetsera kawiri kokha, ali okha kumunda. Kenako mantha anawagwira. Ankakumbukira makaseti amene tinkamvetsera ku Mwanza, kuti ukaimvetsera kwambiri nyimbo inkayamba kukoka mawu mpaka tepi kuduka, ndiye anaganiza kuti mawu a Noémia nawonso angathe ndi kumvetsera. Kunyumba kwawo kunalibe magetsi, ndipo kuti telefoni ilowe moto anayenera kukaisiya pamsika, pamene abale a Valter amadutsa, pamenenso matelefoni amasinthanitsidwa kapena kusowa kumene. Choncho anachita chimene ankachidziwa bwino. Anaizimitsa, naikulunga m'kansalu kotsala posoka, naiika m'chitini cha mkaka wa ufa, napaka mafuta pa chivindikiro, nakulunga chitinicho m'saka. Anakwirira kuseri kwa khola, pamalo pomwe paja. Sanauze munthu aliyense. Ankafuna kudzaikumba Élia akadzakhala ndi nzeru, kuti adzamve mayi ake mawu ali atsopano, osaperepeseka.

Mvula inagwa zaka zingapo pamalopo. Élia anakula, anayamba shikola, analowa m'kwaya ya ana. Mayi wina kutchalitchi anamuuza kuti amaseka ngati mayi ake, ndipo mwanayo atafika kunyumba anafunsa agogo ake kuti mayi ake ankalankhula bwanji. Azakhali anamulonjeza kuti adzawamva yekha ndi makutu ake pa tsiku lolandira Ukaristia woyamba. Élia anauza anzake onse.

Tsikulo litayandikira, azakhali ananditumizira uthenga kuti ndibwere ndi chingwe chothirira moto m'telefoni. Ndinafika osadziwa chifukwa chake. Ananditengera kuseri kwa khola ndi khasu m'manja, akumwetulira ngati munthu wokakolola, ndipo ndi pomwepo pamene anandifotokozera zonsezi. Saka linali litaola. Chitini chinali chadzimbiri, chobooka pansi, kansalu kaja konyowa. Telefoni inali itatupa kumsana ngati mkate. Azakhali sanade nkhawa. Anaipukuta ndi nsalu yawo, natenga kabotolo ka mafuta a makina, nadontheza pa mabatani, nati ndiilumikize. Tinakaiyesa pa batire la a neba awo. Sinayake.

M'mawa mwake tinakwera shapa, minibasi ya kwathu kuno, kutsikira ku Moatize. Njira yonse anaifumbatira pachifuwa. Tinapita kwa Baptista, bambo wokonza matelefoni pa kabenchi kake pamsika. Atangoiona anaseka.

"Mayi, imeneyi mwaikumba pamodzi ndi mbatata?"

"Iwe konza, usafunse za kumunda kwanga," anatero azakhali. "Makina anga anakhala pansi nkhondo yonse, lero akusoka. Kanthu kakang'ono aka kangakukanike?"

Ndinamufotokozera chimene chinali m'katimo, ndipo kuseka kuja kunatha. Anatsegula pang'onopang'ono. Batire linali litaphulika n'kutayira madzi ake, ndipo m'kati monse munali mobiriwira, mofumbutuka akakhudza. Anafufuza pamalo poika kakhadi kosungira zinthu, kamene ife timati kartau, poganiza kuti mwina mawuwo anali mmenemo. Munalibe. Zonse zinali m'telefoni mwenimwenimo. Anapukuta ndi kamswachi, nayesa batire lina, nawotcherera tiwaya, mpaka dzuwa kufika pamutu. Anafunsa ngati Noémia anatumizirapo munthu wina mawuwo. Tinamuimbira Valter, amene tsopano ali ndi banja lina ku Benga. Anati sanawasungepo.

Baptista anatembenukira kwa ine n'kulankhula m'Chipwitikizi motsitsa mawu, kuti azakhali asamve. Anati ikanabwera ikadali yamoyo, akanakopera mawuwo pa kartau ndi pa matelefoni ena, ndipo mawu otere saperepeseka ngakhale utawamvetsera tsiku ndi tsiku.

"Ndamva," anatero azakhali. "Chipwitikizi ndinachimva iwe usanabadwe." Kenako anafunsa: "Ndiye kuti ndikanamamumvetsera mwana wanga masiku onsewa?"

Baptista anabwezera zidutswa zonse m'malo mwake, namanga telefoniyo bwinobwino ngati yakonzeka, naipereka ndi manja awiri.

Titafika ku Zóbuè tinapeza Élia akutidikira pamsewu, atavala kale diresi loyera limene agogo ake anamusokera, ngakhale tsiku lake linali lisanafike. Azakhali anamukhazika pa mkeka, namuonetsa telefoniyo, namuuza zoona zake osabisa. Kenako anati asadandaule, chifukwa mawu onse ali nawo m'mutu. Anakonza kukhosi, nakweza mawu kuti afanane ndi a mtsikana, nayamba: "Taonani fumbi ili, mayi inu! Tonthola, Élia..." Pa kanyimbo kaja anaima. Anayambanso, naimanso. Anandiyang'ana kuti ndiwathandize, koma inenso ndinakamva kamodzi kokha, kalekale.

Élia anamvetsera mwaulemu mpaka pamapeto, manja ali pamaondo.

"Amenewo ndi mawu anu, agogo," anatero.

Azakhali akusokabe. Telefoni ija amaisunga m'kabati ka makina, pamodzi ndi singano ndi ulusi. Zoti dothi silinawaberepo kanthu sindinawamvenso akunena. Nditawachezera posachedwapa anandiuza kuti nkhope ya Noémia amaiona bwinobwino, koma akamamulota amangoona pakamwa pakugwedera, mawu osamveka.

Sindikudziwa ngati ndalemba moyenera, ndipo sindikufuna kuti wina awerenge izi n'kuwaseka azakhali. Anasunga mwana wawo mwa njira imene inawapulumutsira makina, ndipo panalibe amene anawauzapo kuti zinthu ziwirizi n'zosiyana.

M'telefoni yanga muli mawu a bambo anga akupemphera, ndipo ali mmenemo mokha. Ndatsimikiza kuti mlungu uno ndiwakopera pa kartau, ndiwatumizenso kwa achimwene anga ku Tete ndi kwa mng'ono wanga ku Blantyre, kuti yanga ikatayika kapena kugwera m'madzi akhalepobe kwina. Loweruka ndikwera shapa kupita ku Zóbuè. Ndikawapempha azakhali kuti azisoka uku akundiuza za Noémia, zonse zimene akukumbukira, ine ndikujambula, phokoso la makina lilowe momwemo. Ndikatero ndikamuyatsira Élia tsiku lomwelo, amvetsere mmene angafunire.