Beseni la Bambo Ayezi

Ana ankawatcha Bambo Ayezi, ndipo iwo ankadziwa, koma sankadandaula. Kwa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi anaphunzitsa jogalafe m'chipinda chimodzimodzi cha malata, chomwe mazenera ake awiri sankatseguka. Sanakwerepo ndege, nyanja yamchere ankangoiona pamapu, ndipo juzi ankavala masabata atatu okha pachaka. Koma akayamba kufotokoza za kumapeto kwa dziko, kumtunda ndi kumunsi kwa mapu kumene madzi amauma ngati thanthwe, ukanati anabadwira komweko. Zimbalangondo zoyera ankazimvera chisoni ngati abale awo.

Phunziro lawo lalikulu linkafika m'chilimwe, mitengo itayoyola masamba, nyenje zikulira. M'mawa ankagula chibuma cha ayezi pashopu ya pafupi ndi geti. M'kalasi ankathira madzi m'beseni, kuponyamo ayeziyo kuti aziyandama, n'kumata kapulasitala pomwe madzi alekezera.

"Beseni ili ndi nyanja," ankatero. "Dziko likutentha. Ayezi uyu akasungunuka, madzi adutsa pulasitala. Mizinda ya m'mphepete mwa nyanja idzamira choncho."

Koma piriyodi inali ya mphindi makumi anayi, ndipo chibumacho chinkakhala chachikulu. Belu linkalira ayezi asanathe. Ana ankathamangira panja, iwo n'kukhuthulira madziwo pamaluwa, aliyense atakhutira kuti nyanja ikanasefukira, nthawi yokha ndiye yachepa.

Chaka cha makumi awiri pasukulupo panabwera mphunzitsi wachinyamata, wa laputopu yodzaza ndi mavidiyo a mapiri a ayezi akugumukira m'nyanja. Ahedi anafuna kumupatsa jogalafe, koma anachita manyazi kulanda okha phunziro la munthu wa imvi. Anati mayi woyendera sukulu akabwera aonerere kalasi ya Bambo Ayezi, ndipo zomwe alembe ndizo zidzagamule.

Chilimwe cha chaka chimenecho chinapsa kuposa zonse zomwe Bambo Ayezi ankakumbukira. Mvula yoyamba inadutsitsa nthawi yake, mitambo inkangosonkhana masana n'kubalalika osasiya dontho. Tsiku la mlendoyo malata ankalira thethethe pofika teni koloko. Mayi woyenderayo anakhala kumbuyo, akudzikupiza ndi faelo. Bambo Ayezi anaponya chibuma m'beseni, anamata pulasitala, nayamba kuyankhula mokoma kuposa masiku onse.

Ali pakati pa nkhani ya zimbalangondo, mtsikana wa kutsogolo anakweza dzanja.

"Aphunzitsi, ayezi watha."

Bambo Ayezi anayang'ana wotchi. Kunatsala mphindi khumi ndi zisanu kuti belu lilire. Kutentha komwe anakhala akulosera zaka zonsezi kunali kutafika, ndipo kunayambira pabeseni lawo.

"Ndiye tiuze, mwanawe. Madzi afika pati?"

Mtsikanayo anasuzumira, anapendeketsa mutu, anasuzumiranso.

"Ali pomwe paja, aphunzitsi. Mizinda yapulumuka."

Kalasi inaphulika ndi kuseka. Mayi woyendera anabwera kutsogolo. Anali munthu wachifundo, ndipo nayenso ankayembekezera chigumula.

"Beseni lanu likudontha, bambo," anatero motsitsa mawu. "Zimachitika. Ndingolemba kuti phunziro linali bwino, chiwiya ndicho chinavuta."

Cholembera chinali kale papepala. Chomwe chinatsala n'kungovomera ndi mutu. Koma Bambo Ayezi anali atanyamula kale beseni, ndipo anapititsa chikhatho patebulo. Panali pouma gwa, fumbi la choko lili momwemo.

"Silikudontha, mayi. Madzi sanakwere basi. Chifukwa chake sindikuchidziwa."

Mayiyo analemba zomwe anamva. Sabata yotsatira jogalafe anapita kwa wa laputopu uja, ndipo Bambo Ayezi anapatsidwa makiyi a laibulale.

M'laibulalemo, pomata mabuku ong'ambika, anapeza tsamba lomwe sankalifika chifukwa cha belu. Linali ndi chithunzi cha kumunsi kwa dziko, ndipo pansi pa zoyera zija panali nthaka ndi miyala.

Loweruka masana anagulanso chibuma. Pakhonde la kwawo anaimika njerwa m'beseni, anathira madzi osafika pamwamba pake, anamata pulasitala pomwe madzi alekezera, anakhazika ayezi panjerwapo. Akazi awo, omwe ankasoka diresi pamakina, ankaponya diso.

"Abambo, anakuchotsani kale. Mukufuna akuchotseni kawiri?"

"Dikirani, mayi."

Madontho anatsetsereka panjerwa limodzi ndi limodzi. Makina anasiya kulira. Mthunzi wa khonde usanafike pampanda, pulasitala anali atamira.

"Mwaona? Ayezi woyandama malo ake anatenga kale m'madzimo, akasungunuka sawonjezera kanthu. Wokhala pamtunda ndiye amabweretsa madzi achilendo."

Akaziwo anadula ulusi ndi mano.

"Ndiye zaka zonsezi mumamiza mizinda ya eni ake ndi ayezi wolakwika?"

"Idzamirabe," anayankha, ndipo anadabwa kumva kuti mawu awo akutuluka mokondwa. "Idzamira ndithu."

Anawerengera mumtima ana omwe anawaphunzitsa. Makalasi khumi ndi asanu ndi anayi, ana makumi asanu ndi limodzi pa kalasi iliyonse, ena pano ndi manesi, ena madalaivala, ena aphunzitsi a jogalafe.

"Lolemba ndikamupempha mnyamata uja mphindi makumi anayi."

"Akakukanizani?"

"Ndikamupempha njerwa yokha aionetse."