Tsiku Limene Ndinakonza Matayala a Bwana

Ndisanapite ku Doha ndinayendetsa minibasi zaka zambiri pamsewu wa ku Thyolo, choncho tayala lakutha ndimalidziwira patali. Bwana amene ndinkawayendetsa m'dera la Al Messila mumzindawo anali ndi kagalimoto kampikisano komwe ankakathamangitsa kubwalo Lachisanu lililonse.

Tsiku lina ndikusesa m'galaja ndinapeza matayala anayi osalala ngati chipumi, opanda mzere ngakhale umodzi. Ndinapsa mtima. Munthu wachuma chonchi n'kumayendera zinthu zoti kwathu wapolisi wapamsewu angakutsitse nazo pomwepo!

Ndinawanyamula mwakachetechete kupita nawo kwa wokonza matayala wina kudera lotchedwa Old Airport. Iye anakana mpaka kawiri, koma ndinamukakamiza, ndipo anawasema mizere yakuya ndi mpeni wamoto monga tinkachitira ku Limbe. Madzulo ndinawandandalika pakhomo, ine n'kuima pambali kudikira kuyamikiridwa.

Bwana atawaona anakhala pansi, pasimenti penipeni.

"Anali atsopano awa," anatero. "Amapangidwa osalala dala, kuti azigwira phula louma. A mvula ndi aja ali pashelefu."

Pashelefupo panalidi ena amizere yokongola, atachita fumbi, akudikira mvula ya m'chipululu.

"Ndiye Bwana, abwinowo mwasunga, akuthawo n'kumathamangira?" ndinafunsa.

Anangoti, "Yalla," mawu akwawo ofulumizitsira munthu, "choka."

Ntchito sinathe, koma kiyi wa galaja anandilanda. Mpaka lero sindinapepese. Kwathu ndinaika m'manda anthu ochuluka ofa pangozi chifukwa cha matayala osalala, ndipo palibe anabwera kudzatiuza kuti anali atsopano.