Anganga Anali Patuma

Utsi wa nkhuni zaziwisi ukandilowa m'maso, ndimawaona anganga atagwada kuseri kwa nyumba yathu kufupi ndi Nyanja ya Chiuta, akutembenuza milamba pa moto wowambira ndi zala zopserera, misozi ya utsi ikutsika m'masaya, ntchentche zikulira pa matemba oyanika pa thandala, iwo ali chete ngati munthu woopa kudzutsa khanda. Mudzi wonse unkawatchula kuti Asiyatu. Amayi akatopa ndi phokoso langa ankati, "Bwanji osatengera anganga ako? Unawamvapo akukweza mawu?"

Ndinali ndisanawamvepo. Ankayenda mowerama, ankaseka atatseka pakamwa ndi nsonga ya nsalu yawo ya kapulana. Agogo aamuna, Che Bwanali, anali msodzi wofatsa amene sanakwezepo dzanja pa mkazi. Akabwera kuchokera kunyanja ankaitana kuti, "Asiyatu, madzi," ndipo anganga ankabwera nawo chogwada.

Chaka china, chimanga chitangoyamba kumasula, asipayo, apolisi a Apwitikizi, anafika ndi zingwe kudzatenga amuna kupita nawo ku chibalo chokaswa miyala ya msewu. Agogo nawonso anatengedwa ngakhale imvi zinali zitayamba. M'mudzi munatsala akazi, ana ndi mabwato ogona pamtunda, ndipo ndiwo zinasowa.

M'mawa wina anganga anamanga kapulana m'chiuno, natola nkhafi ya agogo, nandiuza kuti, "Tiye." Anakankhira bwato m'madzi okha. Titadutsa mabango, mudzi utabisika, anaimirira kumbuyo kwa bwato n'kuyamba kupalasa mwamphamvu ngati mnyamata. Kenaka anayamba nyimbo ya Chiyao ndi mawu aakulu okhuthala, moti akakowa anauluka m'mabango. Ataona nkhope yanga anaseka, mano onse pamtunda, mpaka bwato linagwedezeka. Ine ndinachita mantha.

"Anganga, mwatani?"

"Palibe, mdzukulu wanga. Uyu ndiye ine." Anakhala pansi, madzi akudontha ku nkhafi. "Dzina langa ndi Patuma. Asiyatu anali mkulu wanga, ndiye anabereka mayi ako. Anamwalira mayi ako akuyamwa, ine nditangotuluka kumene ku chinamwali. Amalume anandikhazika pamphasa nati, mwana akufuna mayi, mkamwini ndi wabwino, tisamutaye. Ulowa nyumba, ulowanso dzina. Tsiku lina ndinaseka mmene wamveramu, agogo ako anatuluka kukalira kuseri, chifukwa Asiyatu sankaseka choncho. Ndinawamvera chisoni, ndinasiya kuseka. Kenaka kuimba. Kenaka bwato."

"Amayi akudziwa?"

"Akudziwa monga munthu amadziwira kuti pansi pa nyanja pali matope. Sapondapo."

Miyezi imeneyo ndinali ndi anganga ena. Ankabwera ndi nsomba za makumba zodzaza dengu, ankatsutsana ndi akazi anzawo ku chitsime, ankandikokera khutu ndikalakwa, kenaka n'kundikumbatira mpaka nthiti kuwawa. Ndinawakonda kuposa kale lonse. Koma m'mudzi munayamba kunong'onezana kuti a Asiyatu agwidwa ndi majini. Tsiku lina amayi anabwera kuchokera kumunda nkhope ili yolemera, nagwada pafupi ndi iwo.

"Amayi, bwererani mmene munalili. Anthu akutiseka."

"Mmene ndinalili liti, mwana wanga?"

Amayi anangoyamba kulira, nati, "Ine ndikufuna amayi anga."

Agogo anabwerera nthawi ya dzinja itatha, atanyamulidwa pa machira ndi anzawo. Fumbi la miyala linali litawadya m'chifuwa, ndipo maso anali atachita chifunga. Tinawagoneka pamphasa m'nyumba, ndipo ntchito yanga inali kuwaingitsira ntchentche ndi tsamba la mgwalangwa.

Masana ena, dzuwa likulowa m'ming'alu ya denga, anganga analowa. Sanagwade. Anakhala pamphasa pomwepo, nalankhula ndi mawu awo a kunyanja aja.

"Che Bwanali, ndakuphikirani kuyambira ndili mtsikana. Ndalera mwana wanu. Sindikudandaula, simunandizunze. Koma musanapite, munditchule dzina langa kamodzi kokha. Ndine Patuma."

Agogo anatembenuza mutu pang'onopang'ono. Pankhope pawo panalibe mkwiyo, panali mantha.

"Patuma? Kamtsikana kaphokoso kaja? Ukufuna chiyani muno? Kandiitanire mkulu wako."

"Ndine amene ndakhala nanu zaka zonsezi. Ndine amene ndinkakufunditsani mukadwala malungo."

"Asiyatu!" anaitana agogo, akupapasa pamphasa, chifuwa chikulira. "Asiyatu, uli kuti?"

Anganga anawayang'ana. Kenaka anaimirira natuluka. Ndinawaona pakhomo ataima chondifulatira, manja ali lende. Anakokera kapulana kumutu, nawerama, nalowanso chogwada.

"Ndabwera, bambo," anatero ndi mawu aang'ono aja.

Agogo anagwira dzanja lawo, mpweya unakhazikika. "Usamandisiye ndi alendo," anatero.

"Sindikusiyaninso."

Agogo anamwalira mlungu womwewo. Ine ndinkaganiza kuti tsopano, poti palibenso wowamvera chisoni, anganga abwereranso kunyanja. Maliro atatha ndinawatengera nkhafi. Anaiyang'ana ngati chinthu cha eni.

"Kaibwezere. Munthu uja wamuona mmene anamulandirira. Mwamuna wake sanamudziwe, mwana wake sanamufune. Akhalire ndani?"

"Ine ndikumufuna, anganga."

Anandisisita kumutu. "Iwe ndiwe mwana. Udzakula, udzamvetsa." Bwato linawolera pamtunda, nkhuku zikuikira mazira m'menemo. Akazi a m'mudzi anati majini atuluka, ndipo anathokoza Mulungu.

Anganga anamwalira Apwitikizi asanachoke m'dziko muno. Powasambitsa ndinawanong'oneza amayi kuti auze amalume oyendetsa maliro dzina lenileni, koma iwo anandigwira pakamwa nati, "Usayambitse zinthu pamaliro." Akazi sitipita kumanda. Mlongo wanga ndiye anandiuza kuti atakwirira, shehe anagwada kumutu kwa manda kuti awakumbutse zoyankha angelo akabwera kudzawafunsa, naitana mokweza kuti, "Iwe Asiyatu!" Mpaka lero ndimadzifunsa ngati anavomera.

Ndinakula, ndipo ndinamvetsadi. Ndinakwatiwa ku Insaca kwa munthu wabwino amene sakonda phokoso, ndipo phokoso langa linatha popanda wondiopseza. Ana anga anakula akudziwa mayi wofatsa, ndipo akamandiyamika choncho pamaso pa alendo ndimangoyang'ana pansi. Posachedwapa mdzukulu wanga, kamtsikana kophunzira ku shikola, anandipeza ndikusankha mpunga nandifunsa kuti, "Anganga, agogo amakonda wailesi, amayi amakonda kuvina. Nanga inuyo mumakonda chiyani?" Ndinatsegula pakamwa kuti ndiyankhe, ndipo ndinapeza kuti zonse zimene ndikanatchula zinali zokonda anthu ena. Mwanayo anadikira, anadikira, mpaka anzake anamuitana panja.