Ndinasinthanitsa Mbiri ya a Hollis ndi Chigoba cha Labala

Inu owerenga, pali zolakwa zina zimene munthu umapepesa n'kutha. Changa sichinathe. Ndinatenga katundu wa nkhalamba imene inkandikhulupirira n'kukamupereka m'manja mwa tambwali, ndipo pamene tambwaliyo ankagulitsa katunduyo, ine ndinali pakhomo nditavala chigoba cha labala kumaso, ndikuseketsa anthu ndi chilankhulo cha mayi anga. Papita zaka zambiri, koma ndikakumbukira mtima umandiwirabe. Ndimakwiyira munthu uja, ndipo ndikatopa naye ndimadzikwiyira ndekha.

Ndinafika ku Canada mu 1975 kuchokera ku Ntcheu, kudzaphunzira ntchito yoyeza magazi. Sukulu inali ku Hamilton, mzinda wa mafakitale a zitsulo, kumene utsi unkadetsa chipale chofewa chikangotera pansi. Kuti ndizidzithandiza ndinkagwira ntchito panyumba ina yosungirako okalamba, kuwasambitsa, kuwameta ndevu ndi kuwadyetsa. Amalawi masiku amenewo tinali owerengeka. Pantchitopo panali mmodzi yekha, mayi Kaliwo, namwino wachikulire wochokera ku Zomba, amene ankanditenga ngati mlongo wawo wamng'ono.

Kusungulumwa kunandiphunzitsa kukonda timabuku ta zithunzi ndi makanema a zam'mlengalenga, a zombo zouluka pakati pa nyenyezi ndi maroboti olankhula. Ndikuganiza kuti chinkandikoka n'chakuti m'nkhani zimenezo aliyense ndi mlendo, ndipo palibe amene amam'cheukira akakwera basi. Tsiku langa lopuma linkathera m'kashopu ka mzungu wina dzina lake Derek, amene ankagulitsa timabuku totere, zidole za zombo, ndi makhadi akale a osewera besibolo. Anali munthu wa pakamwa potsekemera. Ankanditchula mnzake, ndipo ine amene ndinalibe anzanga ndinameza zonse.

Mwa okalamba amene ndinkasamalira munali bambo Hollis, munthu wakuda wobadwira komweko, amene makolo ake akale anathawa ukapolo ku America. Anali aatali, osalankhulalankhula, ndipo zala zawo za kumanja zinali zopindika ngati mizu. Tsiku lina ndikuwawenga zikhadabo ndinawafunsa ngati zalazo zinapindika ku fakitale ya zitsulo kumene anagwira ntchito moyo wawo wonse. Anaseka n'kundiuza kuti ndikoke chitini chimene chinali pansi pa bedi.

Kwa amene simuidziwa, besibolo imafanana ndi maraundasi amene tinkasewera ku pulayimale: wina amaponya kampira kolimba, wina amakamenya ndi chibonga n'kuthamanga kuzungulira bwalo. A Hollis anali woponya, m'timu ya anthu akuda okhaokha imene inkayendayenda m'matauni nkhondo yachiwiri isanayambe. M'chitinimo munali zithunzi za timuyo, golovesi yachikopa yakuda ndi thukuta, mpira umene anzawo onse anasainapo, zidutswa za nyuzipepala, ndi kope limene ankalembamo masewera aliwonse, tauni yake ndi mmene anathera. Anandiuza za mahotela amene ankawabweza pakhomo atangopambana kumene timu ya m'tauniyo, mpaka kukagona pamabenchi a tchalitchi. Anandiuza za anthu amene ankawagenda ndi makala ali pakati pa bwalo. Munthu wina wofufuza osewera a matimu akuluakulu anawauza pamaso kuti dzanja lawo ndi la ligi yaikulu, vuto ndi khungu limene lakuta dzanjalo. Zonsezi ankazifotokoza mosakweza mawu, kwinaku akusisita golovesi ija.

Mu Epulo 1977 mzinda wa Toronto unapeza timu yake mu ligi yaikuluyo. Masewera oyamba tinaonera pa wailesi yakanema m'chipinda chochezera, bwalo litayera ndi chipale chofewa. A Hollis ataona anyamata akuda akuthamanga m'bwalomo, anthu akuwaombera m'manja, misozi inatsika, iwo osaipukuta. Patapita miyezi iwiri kunabwera kalata ya mayi wina wolemba nyuzipepala amene ankafunafuna osewera akale. Analonjeza kudzacheza nawo mu Seputembala. Kuyambira tsiku limenelo nkhalamba ija inkandifunsa m'mawa uliwonse kuti kwatsala masabata angati.

M'nyengo yotentha yomweyo kunatuluka kanema wa nkhondo ya m'mlengalenga amene anapengetsa anthu. Mizere yogula matikiti inkazungulira nyumba. Ine ndinakamuonera kasanu ndi kawiri. Kushopu kwa Derek kunadzaza, ndipo tsiku lina, pofuna kuoneka kuti nanenso ndili ndi nkhani, ndinayamba kudzitama za chitini cha a Hollis. Ndinaona maso ake akusintha, koma ndinayesa kuti wakhudzidwa ndi mbiriyo.

Anandiuza kuti mu Ogasiti kukhala msonkhano wa okonda zam'mlengalenga pahotela ina ku Etobicoke, pafupi ndi bwalo la ndege, ndipo iye akakhala ndi tebulo. Ankafuna kuti mbali imodzi aike za m'tsogolo, mbali ina za kale, dzina la a Hollis litalembedwa m'zilembo zazikulu kuti anthu adziwe ngwazi imene mzinda wawo unaiiwala. Chitinicho ndingobwereka masiku awiri okha. Ineyo akanditenga kwaulere, n'kundipatsa zovala ngati za m'kanema muja.

A Hollis anakana. Anati zinthu zimenezo sizinagonepo kunja chichokereni m'nyumba ya mayi awo. Ndinawaumiriza sabata yathunthu. Ndinkawauza ndikuwameta, ndinkawauza ndikuwadyetsa phala, kuti anthu ambirimbiri akawerenga dzina lawo. Pomaliza ndinawalonjeza kuti sindikachoka pambali pa chitinicho ngakhale kamphindi. Pamenepo anati, "Popeza ndi iwe, mwana wanga, tenga."

Mayi Kaliwo anandipeza m'khonde nditanyamula chitinicho, ndipo nditawafotokozera anandikokera pambali.

"Achimwene, munthu mwangokumana naye kushopu mwayamba kale kumutrasta? Mwasainirana chilichonse?"

Ndinawayankha mwachipongwe kuti kuno si kumsika wa ku Zomba, anthu akuno sabera nkhalamba. Anangoti wakutsina khutu ndi mnansi, n'kubwerera kukagawa mankhwala.

Loweruka m'mawa tinafika pahotelapo. Holo inali yodzaza ndi akuluakulu a ndevu atavala zipewa zasiliva, atanyamula mfuti zapulasitiki. Tinayala katundu wa a Hollis patebulo, koma chikwangwani cha dzina lawo panalibe. Derek anati wochilemba wachedwa nacho. Kenako anatulutsa mkanjo wobiriwira ndi chigoba cha labala cha maso otuzuka, n'kunena kuti ndikaime pakhomo la holo ndiziitanira anthu kutebulo lathu. Anawonjezera kuti ndisalankhule Chingerezi ayi, ndizilankhula chijachi cha kwathu, chifukwa chikumveka ndendende ngati cha zolengedwa za kunyenyezi.

Inu owerenga, apa ndi pamene ndinayenera kuvula mkanjowo, kunyamula chitini n'kukakwera basi. Munthu wangondiuza kuti chilankhulo chimene ndinayamwira ndi kulira kwa zilombo, ine n'kuseka naye limodzi. Ndinaima pakhomo paja kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Ndinkalonjera anthu, ndinkatchula maina a midzi ya kwathu motsatizana, Bawi, Kampepuza, Nsipe, iwo akufa ndi phwete n'kumandijambula. Zonena zitandithera ndinayamba kuimba nyimbo ya m'tchalitchi imene tinaimba poika maliro a bambo anga. Anaomba m'manja. Ndipo ndisakunamizeni, ndinkamva kukoma. Kwa nthawi yoyamba chifikireni m'dzikolo anthu ankafuna kuima pafupi nane.

Nditavula chigoba, thukuta lili kamukamu, ndinapeza mbali ya tebulo ija itadzaza zidole. Derek anati katunduyo wamuika m'galimoto poopa akuba. Mawa lake anasintha, akuti akuba athyola galimoto n'kuba katunduyo. Ndinazungulira galimotolo kawiri, panalibe galasi losweka ngakhale loko woonongeka. Amene anandiuza zoona anali bambo wina wa tebulo loyandikana nalo. Anati pasanathe ola limodzi ine nditapita kukhomo, kunabwera munthu wochokera kutsidya kwa malire, ku America, amene amatolera zinthu zakale za besibolo, ndipo zinkaoneka kuti anapangana kale. Anatenga zithunzi, golovesi ndi mpira. Kope ndi zidutswa za nyuzipepala sanazifune, ndiye Derek anazitaya m'bini pamodzi ndi makapu a khofi.

Ndinathamangira kuseri kwa hotela. Ndinalowa m'chibini chachikulu chimene chinali kumeneko n'kumafukula ndi manja, ndege zikudutsa pamutu panga. Wantchito wina wa kukhitchini anandiuza kuti ndikungodzivuta, zinyalala za dzulo lole inatenga kale m'mawa. Kope limene munthu analemba ndi dzanja lake zaka khumi ndi ziwiri, kulitaya ngati pepala lokulungira chipisi.

Lolemba ndinapita kushopu. Derek sanakane n'komwe. Anandifunsa modekha kuti palembedwa pati kuti chinali chobwereka. Nditatchula apolisi, anaseka n'kunena kuti ndipite, iye akawauza kuti wantchito wa kunyumba ya okalamba anatulutsa katundu wa wodwala n'kudzamugulitsa kwa iye. Anandikumbutsa kuti mapepala anga okhalira m'dzikomo ndi a mwana wa sukulu, ndipo anandifunsa ngati ndikuganiza kuti pakati pa iye ndi ine akakhulupirira ndani. Ndinatuluka m'shopumo. Ndinaopa kubwezedwa kumudzi chimanjamanja, ndipo mantha amenewo ndinawaika patsogolo pa a Hollis.

Milungu itatu ndinawanamiza. Ndinkati chionetsero achitalikitsa chifukwa anthu akonda kwambiri zithunzi zawo. Nkhalamba ija inkasangalala, n'kumauza anzake patebulo lodyera. Mayi Kaliwo ankangondiyang'ana.

Tsiku la mtolankhani linafika. A Hollis anavala jekete ndi tayi, ine ndemwe ndinawamangira. Mayiyo atakhala pansi ndi kope lake, iwo ananditumiza chitini, poti ndinali nditawauza kuti ndabwera nacho. Ndinaima pamenepo n'kuulula zonse pamaso pa mlendo. A Hollis anayesabe kufotokoza kuchokera m'mutu, koma mawu ankawathawa, zaka ankazisokoneza, maina a matauni ankawabwereza. Mtolankhaniyo anamvetsera mwaulemu, osalemba zambiri. Potuluka ndinamva woyang'anira nyumbayo akumunong'oneza kuti okalamba ambiri amakhala ndi nkhani zoterezi. M'nyuzipepala simunatuluke ngakhale mzere umodzi.

Titatsala awiri ndinagwada pambali pa mpando wawo. Sanandikalipire. Anamasula tayi pang'onopang'ono ndi zala zopindika zija.

"Azungu aja ndinkawadziwa kuti ndi otero, ndinakalamba ndikuwadziwa," anatero. "Iwe ndinkati ndiwe wathu."

Mawa lake anapempha kuti aziwasamalira munthu wina. Mayi Kaliwo ndi amene anawatenga, ndipo ndi iwo amene anawatseka maso m'nyengo yozizira ya chaka chotsatira. Miyezi yonseyo ndikadutsa pakhomo pa chipinda chawo ankatembenukira kuwindo.

Patapita zaka, anthu atayamba kulemekeza matimu akale a anthu akuda, ndinalowa m'chionetsero china ku Toronto n'kupeza chimodzi cha zithunzi zija chitapachikidwa pakhoma m'galasi. A Hollis ali mnyamata, mwendo uli m'mwamba, akuponya mpira. Pansi pake analemba kuti wosewera wosadziwika. Ndinauza oyang'anira kuti munthuyo ndikumudziwa, ndinkamumeta ndevu, dzina lake ndi ili. Anandithokoza n'kundifunsa ngati ndili ndi umboni wolembedwa. Umboniwo ndinaunyamula ndekha kupita nawo ku Etobicoke.

Tsono inu owerenga, makamaka amene muli kunja ndipo mukusamalira okalamba a eni ake, mverani. Nkhalamba ikakana kutulutsa chinthu chake, yakana, musaiumirize chifukwa choti imakukondani. Zimene amabisa pansi pa bedi zingaoneke ngati mapepala achabe, koma kwa ena ndi mboni yokhayo imene yatsala yoti anakhalapo ndi moyo ndipo anachita kanthu. Chenjerani ndi munthu amene wayamba kukukondani tsiku limene wamva zimene mungamufikitseko. Wina akakupemphani kuti musandutse chilankhulo chanu choseketsa anthu, dziwani kuti wakuyezani kale n'kukupezani otchipa, ndipo chotsatira chimene atenge sichikhala chanu chokha. Zikavuta, nenani zoona tsiku lomwelo, mwini wake asanavale tayi. Ine ndinadikira milungu itatu poteteza mapepala anga. Mapepalawo ndinawasunga, ndili nawo mpaka lero, ndipo a Hollis akadali pakhoma paja opanda dzina.